Silvio Ranieri ndi Chokodolera Chake Chachitali

Anthu otchuka ambiri amasiya maina awo pa misewu, pa sukulu kapena pa zipilala zamiyala. Silvio Ranieri, katswiri wa ku Italy woimba mandolini, amene adabadwa m'chaka cha 1882 namwalira mu 1956, adasiya lake pa kanthu kochepa kotha kubisika m'chikhatho, kopepuka koposa ndalama yachitsulo. Kanthuka ndi chokodolera nsambo, chimene Ataliyana amachitcha plettro, chomwe woimba amachipana ndi zala ziwiri za dzanja lamanja. Kufikira lero lino oimba mandolini a ku Ulaya akatchula chokodolera cha Ranieri amamvana chimene akunena, ngakhale iwo amene sadaimbepo nyimbo ndi imodzi yomwe mwa zimene iye adapeka.

Kuti awerengi amvetse chifukwa chimene kanthu kotere kadakhalira nkhani yaikulu pa moyo wa munthu, n'kofunika kuyamba ndi choimbiracho. Mandolini ndi mbale wake wa gitala ndi banjo, koma ndi yaing'ono, ndipo ya ku Italy ili ndi msana wobulungira ngati chipanda chong'ambidwa pakati. Ili ndi nsambo zisanu ndi zitatu zoyalidwa ziwiriziwiri, ndipo ziwiri zilizonse zimalira liwu limodzi. Mawu anayi amenewa ndi omwewo a nsambo zinayi za vayolini, kotero kuti dzanja lamanzere la woimba mandolini limayenda monga momwe limayendera la woimba vayolini. Kusiyana kuli ku dzanja lamanja. Vayolini amaiimba ndi uta, monga amachitira ndi kaligo, ndipo liwu lake limakoka nthawi yonse imene utawo ukuyenda. Limakula, limachepa, limadandaula ngati munthu. Koma nsambo ya mandolini ikakodoledwa imalira kamodzi, liwu n'kufera pomwepo. Pofuna kuti liwulo litalike, woimba amagwedeza chokodolera mofulumira kwambiri, chotsika ndi chokwera, mpaka khutu litaleka kuwerenga makodoledwewo n'kumangomva liwu limodzi lonjenjemera. Maimbidwe amenewa amatchedwa tremolo. Akakhala osalala amatenga mtima; akakhala okhakhala amamveka ngati matalala padenga la malata. Tsono kusalala kapena kukhakhala kumeneku kumayambira pa nsonga ya chokodolera.

Pamene mandolini ya mtundu uwu idayamba kufala kuchokera mumzinda wa Napoli, m'zaka za m'ma 1700, oimba ankakodola ndi phata la nthenga. Mphunzitsi wina wotchuka, Gabriele Leone, amene buku lake lidatuluka ku Paris mu 1768, adalangiza ophunzira ake kuti azisema nthenga ya nthiwatiwa, pamene ena ankakonda ya khwangwala. Bartolomeo Bortolazzi, amene mandolini yake idali ya nsambo za matumbo a nyama, adalemba mu 1805 kuti khungwa la mtengo wa cherry ndilo loyenera. Motero kuyambira pachiyambi penipeni chokodolera chidali chinthu chimene woimba ankadzisemera yekha ndi kampeni. Masiku amenewo mandolini idali ndi ulemu wake. Mozart adaipatsa malo m'sewero lake la nyimbo la Don Giovanni mu 1787, ndipo Beethoven adaipekera nyimbo zingapo mu 1796. Koma ulemuwo sudakhalitse. Pofika m'zaka za m'ma 1840, mpeki wa ku France Hector Berlioz adadandaula kuti m'nyumba zazikulu za masewero gawo la mandolini la Mozart ankangoliimba pa gitala kapena pa mavayolini okodola ndi zala, pakuti choimbiracho chidali chitaiwalika.

Chimene chidaidzutsa ndi chitsulo. Cha m'ma 1835 mmisiri wa ku Napoli, Pasquale Vinaccia, adalimbitsa thupi la mandolini naikungira nsambo zachitsulo zolimba, zolira mokweza. Nthenga sikadatha kupirira nsambo zotere, ndipo malo ake adatengedwa ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja zamchere, uja wa mlomo wokhota ngati wa kabawi, amene amapezeka m'nyanja zofunda za dziko lonse lapansi. Mamba a pamsana pa kamba ameneyu ndi a mtundu umodzi ndi zikhadabo ndi nyanga. Ndi olimba koma osauma gwa, amafewa akaikidwa m'madzi otentha, ndipo akapukutidwa amasalala ngati galasi. Amisiri a ku Napoli adali atazolowera kale kuwasema popanga zipeso ndi timabokosi ta anthu olemera, choncho zokodolera za chigoba sizidavute kupeza.

Ranieri adabadwira ku Roma pamene mandolini idali itabwereranso pachimake. Mfumukazi Margherita, amene adalowa ufumukazi wa Italy mu 1878, ankaimba yekha choimbirachi, ndipo chimene mfumukazi yakonda, akazi a nduna sachinyoza. M'mizinda yambiri mudabuka magulu a oimba mandolini, momwe amisiri, ometa tsitsi, alembi a m'maofesi ndi ana a sukulu ankakumana madzulo ataweruka. Komabe kutchuka ndi ulemu n'zosiyana. Kwa akatswiri a m'sukulu zazikulu za nyimbo mandolini idali choseweretsa cha m'misewu, choimbira anyamata ofunsira mbeta pansi pa zenera usiku. Mwana waluso amene ankafuna kudzatchedwa woimba weniweni ankamuuza kuti atenge vayolini kapena piyano. Ranieri adakakamira mandolini, ndipo mu 1897, ali ndi zaka 15, adaimba koyamba pamaso pa khamu lalikulu nayamikiridwa kwambiri.

Kubadwira ku Roma kudali ndi phindu lake. Mumzindamo mudali mmisiri Luigi Embergher, wobadwira ku Arpino mu 1856, amene ankapanga mandolini zosiyana ndi za ku Napoli. Khosi la mandolini zake lidali lopyapyala, lokhala ndi kamsana kumbuyo, ndipo pamwamba pake poponda zala padali pokhota pang'ono monga pa vayolini. Pa mandolini zake zapamwamba malo oponda zalawo ankapitirira mpaka pamwamba pa bowo lotulukira mawu, kuti woimba athe kufika ku mawu aang'ono okwera kwambiri amene oimba vayolini amafikako. Oimba a ku Roma adalinso ndi kakodoledwe kawokawo. Pamene a ku Napoli ankagwira chokodolera chachifupi chooneka ngati dontho la madzi, a ku Roma ankagwira chachitali chopyapyala. Choncho Ranieri sindiye adayambitsa chokodolera chachitali. Adachipeza kwawo, nachikonza monga adafunira, nachitenga kupita nacho kutali.

Mu 1901 adasamukira ku Brussels, likulu la dziko la Belgium, asadakwanitse zaka 20. Akatswiri ambiri a mandolini adachoka ku Italy m'zaka zimenezo kukafuna ophunzira ku France, ku England ndi ku America, kotero kusamukako sikudali kwachilendo. Chachilendo chidali mzinda umene adasankha. Brussels udali mudzi wa vayolini. Pa sukulu yaikulu ya nyimbo ya kumeneko padaphunzitsa Charles de Bériot, Henri Vieuxtemps ndi Henryk Wieniawski, ndipo pamene Ranieri ankafika, Eugène Ysaÿe, amene ambiri ankamuyesa woposa onse pa vayolini m'nthawi yake, adali mwini bwalo. Anthu a mumzindawo makutu awo adali ozolowera liwu la uta, ndipo sakadanyengeka ndi phokoso wamba. Mnyamata wobwera ndi mandolini pakati pa anthu otere adali ngati wogulitsa matemba kudoko kumene chambo chikutuluka kumene m'madzi. Iye adakhazikika komweko, natsegula sukulu yophunzitsa mandolini, ndipo kuchokera ku Brussels ankayenda kukaimba m'maiko ena a ku Ulaya, akuimba ngakhale nyimbo zovuta zimene eni ake adazipekera vayolini.

Apa ndipo pamene chokodolera chake chimamveka tanthauzo lake. Munthu wofuna kupikisana ndi uta sangakhutire ndi kachibenthu kamene kamangomenya nsambo n'kuthawa. Chokodolera chimene chimatchedwa ndi dzina lake n'chachitali ngati chala cha munthu wamkulu, masentimita 6 kapena 7, chotakata pang'ono pakati ndi chosongoka mbali zonse ziwiri, monga tsamba la bulugamu. N'chochindikala ndithu, ndipo sichipindika ngati timapulasitiki topyapyala ta oimba gitala. Ongoyamba kumene amaganiza kuti chokodolera chofewa ndicho chopepuza tremolo, ndipo masiku oyamba zimaonekadi choncho. Koma chofewa chimapindika chisadasunthe nsambo, mphamvu ya dzanja n'kuthera m'kupindikako, ndipo chikamawongoka chimawomba nsambo ndi kaphokoso kake kosafunika. Cholimba chimapereka mphamvu yonse ku nsambo, liwu n'kukafika kwa wokhala kumbuyo kwenikweni kwa holo.

Nanga kufewa kumene tremolo imafuna kumachokera kuti? Kumachokera ku zala. Woimba amachipana mosalimbitsa pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, nasiya gawo lalitali likulendewera kunsi kwa zalazo. Pokhala chachitali, chokodoleracho chimapendekera uku ndi uku pakati pa zala ngati chitseko chosatsekedwa bwino, ndipo chimatsetsereka pa nsambo ziwiri zija mmalo mokodwa. Akafuna liwu lapansipansi amamasula zala; akafuna lalikulu amapana pang'ono, ndipo liwu limakula osaleka kunjenjemera kwake, monga momwe woimba vayolini amalemeretsera uta. Kutalikako kumakwezanso dzanja kuti lisagone pa nsambo kapena pa thabwa la pamwamba n'kutsamwitsa mawu. Kunena zoona, kagwiridwe kameneka n'kovuta. Wophunzira amakhala miyezi chokodolera chikumupulumuka, chikumutembenukira m'zala zathukuta, chikugwera m'bowo la mandolini, ndipo ambiri amagwa ulesi nabwerera ku chachifupi. Akale adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawuwa amagwira bwino pa sukulu ya Ranieri.

Ndiponso chokodolera chotere sichithera pa kugula. Ngakhale chogulidwa kwa mmisiri chimafuna dzanja la mwini wake. Woimba amayamba ndi tupa, kuwongola m'mbali kuti mbali ziwirizo zilingane, kenaka kupyapyaza pang'onopang'ono kulowera kunsonga. Nsonga ndiyo mtima wa ntchito yonse. Ikasongoka kwambiri liwu limatuluka lowonda, lobaya m'khutu, ndipo imakodwa pakati pa nsambo ziwiri. Ikabuntha kwambiri liwu limagontha ndipo mawu ofulumira amasokonekera pamodzi ngati phala. M'mphepete mwa nsongayo amaseteka mopendeka, mbali imodzi ya kutsika ndi ina ya kukwera, kuti chokodolera chichoke pa nsambo yoyamba kupita pa yachiwiri osapunthwa. Kupendeka kumeneku kumatsata mmene dzanja la munthuyo limakhalira, n'chifukwa chake chokodolera chokomera mphunzitsi chimatha kumukanika wophunzira wake. Tupa ikatha pamabwera sandipepala, kuyambira wokhakhala kufikira wosalala kwambiri, ndipo pomaliza amapukuta ndi chikopa kapena nsalu mpaka nsongayo itang'anima. Kakang'ono kalikonse kotsala, ngakhale kosaoneka ndi maso, nsambo yachitsulo imakaulula ndi kaphokoso kokanda pa kukodola kulikonse, ndipo pa tremolo kukodolako kumachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ntchitoyi siyitha, pakuti chitsulo chimadya chigoba tsiku ndi tsiku, ndipo nsonga imene idali bwino mwezi watha imafunanso kunoledwa. Apa nsonga ziwiri zija zimathandiza: ina ikabenthuka pakati pa nyimbo, woimba amangotembenuza.

Ubale wa Ranieri ndi Embergher udapitirira ngakhale adatalikirana. Iye ankaimba mandolini za mmisiri ameneyu zokhazokha, ndipo ankaziyerekeza ndi mavayolini a Stradivari, amene ndiwo otchuka koposa onse. Pali nkhani imene imasimbidwa yoti tsiku lina atacheza ku Roma adalowa m'nyumba yogwirira ntchito ya Embergher, nayesa mandolini imene idalembedwa kuti idapata mendulo ya golide ku chionetsero cha ku Paris mu 1900. Adafuna kuigula, koma mmisiriyo adakana, nangomulola kuti akaimbire pa konsati ya madzulo a tsikulo. Konsatiyo itatha, Embergher adapita kwa woimbayo namupatsa mandoliniyo ngati mphatso. Amisiri sakonda kutaya chinthu chimene chidawabweretsera mendulo, choncho awerengi atha kudziweruzira okha zimene mkuluyo adamva usiku umenewo.

Anthu adamutcha Paganini wa mandolini, kumufanizira ndi Niccolò Paganini, katswiri wa vayolini wa ku Genova amene adamwalira mu 1840. Dzina lotere limaperekedwa mwachisawawa kwa aliyense wa zala zothamanga, ndipo mkati mwake muli kachipongwe, chifukwa limasonyeza kuti muyeso ndi vayolini basi. Komabe pali choseketsa chimene otchawo mwina sadachiganizire: Paganini mwiniyo adayambira pa mandolini, akuphunzitsidwa ndi bambo wake ali kamwana, asadagwire uta.

Ranieri adadziwa kuti choimbira chopanda nyimbo zakezake chimakhala chobwereka moyo wake wonse, ndipo adapeka zake. Yaikulu mwa izo ndi Concerto ya mu D, nyimbo yaitali yovuta kwambiri imene mandolini imatsogolera monga imachitira vayolini m'nyimbo za mtundu umenewo. Zina zodziwika ndi Souvenir de Varsovie ndi Canto d'estate. Koma ntchito yake imene idafika kutali ndi buku lophunzitsira lotchedwa L'Art de la Mandoline, ndiko kuti luso la mandolini, limene lidasindikizidwa m'zigawo ndi m'ziyankhulo zingapo. Bukuli limamutenga wophunzira kuchokera pa kagwiridwe ka choimbira kufikira pa zovuta za akatswiri, ndipo limamuyendetsa m'njira yonga ya ophunzira vayolini, yosadumpha sitepe. M'zaka za m'ma 1920 iye ndiye adalemba mutu wa mandolini m'buku lalikulu la chidziwitso cha nyimbo limene Albert Lavignac adayambitsa ku Paris. Kwa choimbira chimene chidali kutchedwa cha m'misewu, kupeza malo m'buku lotere sikudali chinthu chochepa.

Koma nthawi siyidikira munthu. Nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 idamwaza magulu a oimba, ndipo Brussels udakhala m'manja mwa asilikali a Germany zaka zinayi. Mtendere utabwera, achinyamata makutu awo adatembenukira ku jazi yochokera ku America. Galamafoni ndi wailesi zidalowa m'nyumba za anthu, ndipo banja limene kale linkadziimbira lokha madzulo lidayamba kumangomvera. Oimba mandolini ambiri ofuna ganyu m'magulu a dansi adasamukira ku banjo ya nsambo zinayi, pakuti kapondedwe ka zala kadali kofanana. Ku Germany, kumene magulu a mandolini adakhalabe amphamvu, mphunzitsi wa ku Berlin Konrad Wölki adafukula mabuku akale a m'zaka za m'ma 1700, nayamba kuphunzitsa m'zaka za m'ma 1930 kuti tremolo yosalekeza idali chizolowezi cha Ataliyana a dzulodzulo, ndi kuti liwu lokodoledwa kamodzi lili ndi kukoma kwakekwake. M'kupita kwa nthawi oimba a kumeneko adatengera zokodolera zazifupi, zochindikala, zonga mphira, zotulutsa liwu lofatsa lobulungira. Kumeneku kudali kukana maziko enieni a ntchito ya Ranieri: iye ankafuna kuti mandolini iimbe ngati vayolini, pamene iwo ankafuna kuti ileke kutsanzira. Mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo, ndipo oimba abwino a masiku ano amatapa konsekonse.

Chigoba nacho chidapeza mdani. Mu 1922 Mtaliyana wina wa ku Napoli wokhala ku New York, Luigi D'Andrea, adayamba kudula zokodolera kuchokera ku celluloid, pulasitiki ya masiku oyambirira imene ankatha kuipatsa mawanga onga a kamba. Zidali zotsika mtengo, zofanana zonse, ndipo woimba akataya chimodzi sankalira. Luso la tupa ndi chikopa lidayamba kuoneka ngati kudzivutitsa. Embergher adasiyira ntchito wophunzira wake Domenico Cerrone kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 namwalira mu 1943, nkhondo yachiwiri ili mkati. Ranieri adakhalako zaka zina 13, ndipo adamwalira mu 1956 ali ndi zaka zopitirira 70, pamene dziko lidali litayamba kuvinira gitala yamagetsi.

Sukulu yake siidafe naye. Ku Belgium ndi ku Netherlands kudatsala oimba ogwira chokodolera chachitali pa mandolini za ku Roma, ndipo ku England Hugo D'Alton, amene adamwalira mu 1994, adaimba nacho moyo wake wonse pa wailesi ndi m'magulu akuluakulu a nyimbo. Chimene chidatha ndi chigoba. Akamba aja adaphedwa ochuluka zedi chifukwa cha zipeso, mafelemu a magalasi a m'maso ndi zokongoletsera zina, mpaka mtundu wawo udatsala pang'ono kutha. Maiko adasaina pangano la CITES ku Washington mu 1973, ndipo pofika 1977 kamba ameneyu adaikidwa pa mndandanda wa nyama zoletsedwa kugulitsidwa pakati pa maiko. Kuyambira pamenepo woimba wowoloka malire ndi chokodolera cha chigoba atha kulandidwa, ngakhale chikhale cha agogo ake.

Mafakitale akuluakulu a zokodolera amatulutsa zazifupi mamiliyoni, koma chachitali cha Ranieri ofuna ndi ochepa, kotero chimapangidwa ndi amisiri owerengeka kapena ndi oimba eni ake. Amatenga chibenthu cha celluloid, cha nyanga ya ng'ombe kapena ya njati, kapenanso cha pulasitiki yopangidwa kuchokera ku mkaka, najambulapo chithunzi cha tsamba lija, nacheka ndi kasowo kakang'ono. Kenaka amakhala pansi ndi tupa, mandolini ili pambali, akuseteka pang'ono ndi kuyesa pa nsambo, akusetekanso ndi kuyesanso, kufikira kukanda kutaleka kumveka.